Kodi masheya akadula kwambiri nde kuti chuma chigwa ngati 1929?

Funso lanu ndalimva akulu. Mukuti mwakhala mukuwerenga kuti masheya akwera mtengo mopyola muyezo, ndipo wina anakuuzani kuti mavuto aakulu azachuma ngati aja a 1929 amayamba anthu oika ndalama m'masheya akachita mantha nkuthawa onse kamodzi, nde mukufuna kudziwa ngati zili zoona komanso ngati kuli bwino kugulitsiratu zinthu zisanathine.

Manthawo alipodi ndipo amagwetsa mitengo zedi, koma kugwa kwa masheya pakokha sikupha chuma cha dziko ayi. Chimene chimapha ndi ngongole ndi mabanki. Ndifotokoza pang'onopang'ono chifukwa apa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, kutaya ndalama pa msika wa masheya ndi kuti anthu mamiliyoni achotsedwe ntchito.

Kuopa risiki si matenda, ndi mmene munthu aliyense wanzeru alili. Wina atakuuzani kuti tengani madola 100 pompano, kapena tiponye khobidi m'mwamba, likagwera uku mutenga 200 likagwera uko simutenga kanthu, ambiri amatenga 100 ija nkumapita olo kuti pa masamu zonse ziwiri nzofanana. Kuti muvomere zoponya khobidizo mpaka akuwonjezereni, mwina anene 250, ndipo kowonjezerako ndiye malipiro a risiki. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba za khalidwe limeneli mu 1979, ndipo ntchito yawo inadzasonyeza kuti kutaya ndalama kumapweteka pafupifupi kawiri kuposa mmene kupeza ndalama yomweyo kumakomera. Pa msika wa masheya malipiro amenewa amaoneka bwinobwino, Rajnish Mehra ndi Edward Prescott mu 1985 anawerengetsa kuti kuyambira 1889 mpaka 1978 masheya a ku America ankabweza pafupifupi 6 peresenti pachaka kuposa kubwereketsa ndalama ku boma kwa nthawi yochepa. Anthu sankalandira 6 peresenti imeneyo chifukwa cha nzeru, ankailandira chifukwa chopirira zaka zija masheya ankagwa ndi theka.

Nkhani yagona poti malipiro a risikiwa sakhazikika. Chaka china anthu amafuna ambiri, chaka china amalola ochepa kwambiri, ndipo mtengo wa sheya umavina motsatira zimenezo. Tengani sheya yomwe ikupereka dividendi (gawo la phindu limene kampani imapatsa eni masheya) ya madola 3 pachaka, ndipo aliyense akugwirizana kuti dividendiyo izikula ndi 4 peresenti chaka chilichonse. Ngati ogula akufuna ndalama yawo izibweza 7 peresenti, sheyayo ndi ya madola 100, chifukwa 3 ya dividendi kuphatikiza 4 ya kukula kuja ikukwana 7. Mawa anthu omwewo adzuke ali ndi nkhawa nkunena kuti ayi ife pansi pa 8 peresenti sitigula, sheya yomweyo yatsika kufika pa madola 75. Kampani sinapse, makasitomala sanathawe, mashini akulira ngati dzulo, koma gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo lapita chifukwa cha peresenti imodzi yokha ya mantha. Mukaitembenuza nkhaniyi mupeza tanthauzo lenileni la masheya odula, ndi nthawi imene anthu asiya kuopa moti akulola kusenza risiki yaikulu pa malipiro ochepa. Ine msika woterowo ndi umene umandidetsa nkhawa kuposa wa anthu amantha, paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Kuyeza kudulako njira yodziwika ndi kugawa mtengo wa sheya ndi phindu la kampani pa sheya imodzi. Robert Shiller ndi John Campbell anaikonza njirayi kuti tizigawa ndi phindu la zaka 10 zapitazo mutachotsa kukwera kwa mitengo ya zinthu, kuti chaka chimodzi chabwino chisatinamize, ndiye amaitcha CAPE. Pa mbiri yonse ya msika wa ku America nambalayi imazungulira cha m'ma 17, mu 1929 inapitirira 30, kumapeto kwa 1999 inafika 44. Koma chonde musaitenge ngati wotchi. Mu Disembala 1996 Alan Greenspan, mkulu wa Federal Reserve (banki yaikulu yoyang'anira ndalama za America) nthawi imeneyo, anachenjeza poyera kuti mwina anthu atengeka mopanda nzeru, Dow Jones (nambala yoyezera mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America) ili cha m'ma 6,400, ndipo msika unapitiriza kukwera zaka zina zitatu mpaka kupitirira 11,700 mu Januwale 2000. Amene anagulitsa tsiku la chenjezolo anakhala zaka zitatu akuonerera anzake akulemera, ndipo ambiri otere amatopa nkubwereranso kukagula pamwamba penipeni. Nambalayi imakuuzani kuti zaka 10 zikubwerazo phindu likhoza kukhala lochepa, za tsiku logwa siinena kanthu.

Tsopano taonani izi. Pa 19 Okutobala 1987 Dow Jones inagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, kugwa kumene sikunachitikepo olo mu 1929, koma chuma cha America chinapitiriza kukula chaka chotsatiracho ngati palibe chachitika. Federal Reserve inalengeza m'mawa mwake kuti ndalama zilipo kwa mabanki ofuna, basi moto unazima. Mu Malichi 2000 Nasdaq, nambala ina yoyezera masheya a ku America, inafika 5,048 chifukwa cha makampani a intaneti ambiri amene analibe olo phindu, pofika Okutobala 2002 inali itagwa ndi pafupifupi 78 peresenti ndipo inadzabwerera pamene inali mu 2015. Ndalama zimene zinasungunuka apo nzoopsa, koma chuma chinangobwerera m'mbuyo pang'ono kwa miyezi 8 mu 2001. Chifukwa chake nchakuti ambiri amene anataya anataya ndalama zawozawo, analira, anachepetsa zogula, koma mabanki anatsala ali chilili akubwereketsabe.

1929 inali ina. Dow Jones inafika 381 pa 3 Seputembala, ndipo anthu ambiri ankagula masheya pa ngongole, ena ankangoika 10 peresenti yokha. Ganizirani munthu amene wagula masheya a madola 1,000, ake ndi 100, 900 wabwereka kwa buloka (womugulira ndi kumugulitsira masheya) ndipo chikole ndi masheya omwewo. Mtengo ukangotsika ndi 10 peresenti yake ija yatha, buloka akutumiza uthenga kuti bweretsani ndalama lero lomwe apo ayi tigulitsa, munthu alibe, buloka akugulitsa pa mtengo uliwonse umene wapeza, kugulitsako kukutsitsanso mtengo, nde uthenga womwewo ukupita kwa munthu wachiwiri amene dzulo anali bwinobwino. Apa sikuti munthu wachita mantha nkusankha kugulitsa, akumugulitsira ndi ena iye asakufuna. Pa 28 Okutobala msika unagwa pafupifupi 13 peresenti, mawa lake pafupifupi 12.

Koma pali zinthu ziwiri zimene anthu amaiwala. Choyamba, chuma chinali chitayamba kale kutsika mu Ogasiti 1929 msika usanagwe, mbali ina chifukwa Federal Reserve inakhala ikukweza chiwongoladzanja kuyambira 1928 pofuna kuziziritsa msika womwewo. Chachiwiri, pofika Epulo 1930 Dow Jones inali itabwerera cha m'ma 294 ndipo ambiri ankaona ngati zoopsa zadutsa. Zikanathera pamenepo bwenzi lero tikuikumbukira ngati 1987. Kugwa kwenikweni kunatenga zaka, mpaka 41 pa 8 Julaye 1932, kutsika kwa pafupifupi 89 peresenti, ndipo nthawi imeneyo msika unkangotsatira chuma chimene chinkafa pa zifukwa zina.

Sindikuti kugwa kwa Okutobala kunalibe ntchito. Christina Romer anasonyeza kuti kutangochitika anthu anasiya kugula zinthu zodula zokhalitsa ngati magalimoto, olo amene analibe sheya ndi imodzi yomwe, chifukwa sankadziwa kuti mawa ntchito ikhalapo. Zimenezo zinapweteka mafakitale. Koma chimene chinasandutsa chaka choipa kukhala zaka zinayi za tsoka ndi mabanki. Kumapeto kwa 1930 mabanki anayamba kugwa kum'mwera ndi m'madera a alimi, mu Disembala banki yaikulu ya ku New York yotchedwa Bank of United States inatseka, ndipo nthawi imeneyo kunalibe inshuwalansi ya boma yoteteza ndalama zosungitsa, banki ikatseka mumangodikira kuti mwina adzakupatsani kenakake patapita zaka. Nde munthu aliyense woganiza bwino akamva mphekesera ankathamanga kukatapa zake, ndipo banki olo ikhale yabwino chotani singabweze ndalama za anthu onse tsiku limodzi popeza inazibwereketsa kwa ena kwa zaka. Pakati pa 1930 ndi 1933 mabanki pafupifupi 9,000 anagwa. Amene anapulumuka anaphunzirapo kusunga ndalama m'chipinda osabwereketsa aliyense.

Milton Friedman ndi Anna Schwartz mu 1963 anawerengetsa kuti ndalama zozungulira m'dzikomo zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mlandu anaupereka kwa Federal Reserve chifukwa inali ndi mphamvu zoletsa zimenezi koma inangoonerera. Ndalama zikachepa mitengo ya zinthu imatsika, ndipo inatsikadi ndi pafupifupi kota. Mwina mukuti kutsika mitengo si zabwino zimenezo? Kwa munthu wangongole ndi imfa. Mlimi wa tirigu amene anakongola madola 1,000 mu 1929 tirigu ali pafupifupi dola imodzi pa bushelo (muyeso wa mbewu) ankadziwa kuti mabushelo 1,000 abweza ngongoleyo. Pofika 1932 tirigu anali pansi pa masenti 40, ngongole ikadali 1,000 yomweyo, nde tsopano akufunika mabushelo oposa 2,500 kuchokera m'munda womwewo. Akulephera, banki ikulanda munda, ikufuna kugulitsa koma wogula palibe chifukwa minda yolandidwa yadzaza, mtengo wa minda ukugwa, bankiyo nayo ikugwa. Irving Fisher analemba za zimenezi mu 1933, kuti angongole akamalimbikira kubweza onse nthawi imodzi pogulitsa katundu ngongole yawo imalemera kuposa poyamba. Fisher yemweyu ndi amene masiku ochepa msika usanagwe mu 1929 ananena kuti masheya afika pamwamba pokhazikika, ndipo anataya chuma chake chambiri, nde zimene analembazo anazidziwira pakhungu pake. Kwa ine pepala lake limenelo ndi limene limafotokoza bwino nkhani yonseyi.

Ben Bernanke mu 1983 anawonjezera mfundo ina imene ndimaikonda. Banki ya m'tauni yaing'ono imadziwa kuti mwini fakitale uyu amabweza, uyu ndi wovuta, ndipo kudziwa kumeneko kwatenga zaka zambiri. Ikatsekedwa kudziwako kumatayika, mwini bizinesi wabwinobwino akupita ku banki ina kumene samudziwa nkumukana, akulephera kugula zipangizo, akuchotsa antchito. Ntchito imeneyi ndi imene anampatsira mphoto ya Nobel mu 2022 limodzi ndi Douglas Diamond ndi Philip Dybvig, amene anafotokoza chifukwa chake anthu amathamangira ku banki kukatapa onse kamodzi.

Nanga bwanji Federal Reserve sinathandize? Mbali yaikulu ndi golide. Ndalama za mayiko ambiri zinali zomangirira ku golide, ndipo dziko likayamba kutaya golide lamulo la masewerawo linali kukweza chiwongoladzanja olo anthu akuvutika chotani. Mu Meyi 1931 banki ya Creditanstalt ku Austria inagwa, moto unafalikira ku Germany, mu Seputembala Britain inasiya golide, anthu anayamba kutulutsa golide ku America, ndipo mu Okutobala 1931 Federal Reserve ya ku New York inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 1.5 kufika pa 3.5 peresenti, mabanki ali mkati mogwa ulova uli pamwamba. Zimenezi mpaka lero zimandiwawa ndikaziwerenga, chifukwa anthu enieni anataya nyumba ndi ntchito kuti mtengo wa golide usasunthe. Pofika 1933 munthu mmodzi mwa anayi ofuna ntchito ku America analibe ntchito. Umboni wamphamvu ndi woti mayiko amene anasiya golide msanga anachiranso msanga, Barry Eichengreen ndi Jeffrey Sachs anasonyeza zimenezi mu 1985, pamene France imene inakakamira mpaka 1936 inavutika nthawi yaitali. Za misonkho ya Smoot-Hawley ya 1930 yomwe inakweza msonkho wa katundu wakunja, inaipitsadi zinthu chifukwa mayiko ena anabwezera, koma ine sindiiwerenga ngati muzu.

Kuchira nakonso kukutiuza chomwe chinali vuto. Mu Malichi 1933 pulezidenti wa America Franklin Roosevelt anatseka mabanki onse kwa masiku angapo nkutsegula okhawo amene anaoneka olimba, chaka chomwecho anakhazikitsa FDIC yoteteza ndalama za osungitsa, anamasula dola ku golide ndipo mu Januwale 1934 mtengo wa golide unasinthidwa kuchoka pa madola 20.67 kufika pa 35. Mitengo inasiya kutsika, mafakitale anayamba kudzuka. Palibe amene anachiritsa mantha a anthu powalankhula kokha, anachotsa chimene chinkawaopsa. Ndipo 1937 itafika, boma litachepetsa kugwiritsa ntchito ndalama komanso Federal Reserve itawirikiza kawiri ndalama zimene mabanki ankayenera kusunga, chuma chinagwanso.

Japan ndi 2008 zikunena zomwezo. Nikkei, nambala yoyezera masheya a ku Japan, inafika 38,915 kumapeto kwa Disembala 1989 ndipo inadzapitirira nambala imeneyo mu Febuluwale 2024, zaka 34. Koma chimene chinafoola Japan sichinali masheya okha, malo ndi nyumba zinali chikole cha ngongole zambirimbiri, mitengo itagwa mabanki anatsala ndi ngongole zowola zimene anazibisa zaka zambiri, makampani nkumangobweza ngongole m'malo momanga zatsopano. Mu 2008 masheya sanali odula ngati 2000, chodula chinali nyumba, ndipo zinagulidwa pa ngongole. Banki ya ku America ya Lehman Brothers inali ndi katundu wa pafupifupi madola 30 pa dola imodzi iliyonse ya eni ake, kutanthauza kuti katunduyo atangotsika ndi 3 kapena 4 peresenti za eni ake zatha, ndipo mbali yaikulu ya ndalama zake inkabwerekedwa kwa masiku ochepa okha. Itagwa pa 15 Seputembala 2008 mabanki anasiya kukhulupirirana, anthu anathamangira kubwereketsa ndalama ku boma la America mpaka kulola chiwongoladzanja cha ziro bola ndalama yawo ibwere yonse. Apa nde pamene mantha amaonekera poyera. S&P 500, nambala inanso yoyezera masheya a ku America, inagwa ndi pafupifupi 57 peresenti kuchoka Okutobala 2007 kufika Malichi 2009, ulova unafika 10 peresenti, koma sunafike 25 chifukwa ulendo uno banki yaikulu, Bernanke yemwe uja ali mkulu wake, inathira ndalama m'mabanki nkutsitsa chiwongoladzanja mpaka pafupi ndi ziro. Mutha kutsutsa kuti anapulumutsa olakwa ndipo pamenepo ndingagwirizane nanu mbali ina, koma kulekerera kunayesedwa kale mu 1931.

Nde amene anakuuzani za mantha uja sananame, kungoti anayambira pakati pa nkhani. Katswiri wa zachuma Hyman Minsky ankati bata lokhalitsa ndi limene limabala chisokonezo, zaka zikamayenda bwino obwereka ndi obwereketsa onse amaiwala kuopa, ngongole zimakula, mpaka kufika poti munthu sangabweze pokhapokha mtengo wa katundu wake upitirize kukwera. Mantha akamabwerera amapeza aliyense ali ndi ngongole, ndipo chimene chili chanzeru kwa munthu mmodzi, kugulitsa, kusunga, kusabwereketsa, chikachitidwa ndi onse chimawononga onse chifukwa ndalama imene ine ndasiya kugwiritsa ntchito inali malipiro a mnzanga. John Maynard Keynes anailongosola mfundo imeneyi mu 1936.

Za kugulitsa kapena ayi, sindikudziwa msinkhu wanu ndi zimene mwasenza, koma pali zimene ndingauze aliyense. Masheya ogula ndi ndalama yobwereka ayi, chifukwa tsiku loipa likafika chisankho sichikhalanso chanu. Ndalama imene muifuna mkati mwa zaka zisanu isakhale m'masheya, msika udule kapena utchipe. Zotsalazo dzifunseni moona mtima kuti zitatsika ndi theka mungapirire osagulitsa, popeza ku America kokha zachitika kawiri kuyambira 2000, ndipo ngati yankho ndi ayi chepetsani panopa mtima uli m'malo, musadikire kudzachepetsa pansi. Kugulitsa zonse chifukwa CAPE yakwera ine sindingakulimbikitseni, mukuyenera kulondola kawiri, potuluka ndi pobwerera, ndipo pobwerera mpovuta kwambiri chifukwa tsiku labwino logula limakhala lomwe nkhani zonse zili zoopsa. Komanso musaunjike zonse m'dziko limodzi kapena mtundu umodzi wa makampani, wa ku Japan wa 1989 uja angakuuzeni. Mudzamvanso anthu akuti Dow Jones inatenga mpaka 1954 kuti ibwerere pa 381, ndi zoona, koma nambala imeneyo siwerenga madividendi komanso kutsika kwa mitengo ya zinthu kuja, amene ankalandira dividendi nkumagulanso anachira kale chaka chimenecho chisanafike.

Ngati chimene chikukusowetsani tulo ndi tsoka lalikulu osati kutsika kwa masheya chabe, maso anu achoke pa masheya apite ku ngongole. Ine ndimayang'ana kuti ngongole za mabanja ndi makampani zakula mwachangu bwanji zaka zochepa zapitazi, mabanki ali ndi ndalama zawozawo zochuluka bwanji poyerekeza ndi zimene abwereketsa, ndani akubwereka kwa masiku ochepa nkukagula katundu wovuta kugulitsa, komanso kusiyana kwa chiwongoladzanja chimene makampani akulipira ndi chimene boma likulipira. Kumeneko zinthu zimayamba kununkha msanga. Pa 9 Ogasiti 2007 banki ya ku France ya BNP Paribas inaletsa anthu kutapa ndalama m'mafandi ake atatu ponena kuti siikutha kudziwa mtengo wa mapepala a ngongole za nyumba za ku America amene anali mmenemo, tsiku lomwelo European Central Bank inathira mayuro pafupifupi 95 biliyoni m'mabanki, mu Seputembala anthu anali pa mizere ku banki ya Northern Rock ku Britain kukatapa ndalama zawo, koma masheya a ku America anapitirizabe kukwera mpaka pa 9 Okutobala.